Pakhonde pa Azakhali: Chuleyo Musiyeni Kudambo

Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 23, ndimakhala ku Chambe kuno ku Mulanje. Ndili ndi mwana mmodzi wamwamuna wa zaka 2 ndi miyezi 5, ndipo panopa ndine woyembekezera, miyezi 6. Mwana wangayu akukana kudzithandiza pamalo oyenera. Ndinamugulira kapoti ka pulasitiki pa Chitakale koma amakavala kumutu, apo ayi amatungiramo mchenga. Ndikamukhazikapo amalira mokuwa, ndikangomuveka kabudula amathawira kuseri kwa chitseko n'kuchitira m'kabudulamo. Kuchimbudzi ndiye safuna n'komwe kuyandikirako.

Mayi anga akuti ine ndinasiya thewera ndisanayambe kuyenda, ndiye mwanayu ndamuwononga ndekha ndi mapampasi. Akuti azilawa kamkwapulo, ndipo akapitiriza kunyowetsa mphasa usiku timumange chule m'chiuno. Anzanga a pa Facebook akuti ndimusiye mpaka akwanitse zaka 3. Bambo ake amanyamula katundu wa alendo okwera phiri ku Likhubula, iwo akuti zimenezi n'za azimayi. Sabata yatha ndinapsa mtima n'kumukwapula. Chiyambire tsiku limenelo amatha masiku atatu osachita chimbudzi, ndipo akamachita amalira. Ndalama ya mapampasi a ana awiri ine sindingaipeze. Nditani Azakhali?

Mayi wothedwa nzeru, Chambe

Mwana wanga,

Khala pansi kaye, utambasule miyendo, mimbayo ipume. Ndikuuze zoona, nditafika pa nkhani ya kapoti kovala kumutu ndinaseka mpaka kutsamwa. Mdzukulu wangayo ndi munthu wosamala katundu. Mwamugulira chinthu chatsopano, chonyezimira, chomukwana bwino pamutu, kenako anthu akuluakulu mukumuuza kuti achitiremo bibi. Iyeyo akudabwa ngati mitu yanu ikuyenda bwino. Mwana sabadwa akudziwa ntchito ya kapoti. Chibadwireni, inu nomwe mwakhala mukumuphunzitsa kuti bibi timachitira m'chovala, wina n'kubwera kudzapukuta, ndipo waphunzira bwino lomwe. Lero mwasintha lamulo osamudziwitsa, ndiye mukuti ndi wamwano.

Kuseka ndaseka, koma sendera kuno ndikukoke khutu pa za mkwapulo zija. Ndikudziwa, munthu wa mimba ya miyezi 6, wotopa, wochapa makabudula onunkha kukangocha, dzanja limathamanga mutu usanaganize. Koma taona chimene mkwapulowo waphunzitsa. Iwe unkafuna amve kuti bibi malo ake ndi m'kapoti. Iye wamva kuti bibi akatuluka, amayi amamenya. Ndiye kamutu kakeko kapeza nzeru: asatuluke basi. M'mimba mukamuvuta amafinya timatako, kupanikiza miyendo, kudikira kuti zibwerere. Chimbudzi chikakhalitsa m'mimba chimauma, chifukwa thupi limayamwa madzi ake. Chikauma chimapweteka potuluka, nthawi zina mpaka kung'amba pang'ono n'kuoneka timagazi. Chikapweteka mwana amaopa kuposa kale, n'kusunganso masiku ena. Kulira ukukumvako n'kumeneko. Ukapanda kusamala, nkhani yomwe ikanatha pa masabata ochepa ikhoza kukutengera chaka chathunthu.

Choncho kapotiko kasiye kaye, masabata awiri kapena atatu, usakatchule n'komwe. Ntchito yoyamba ndi kufewetsa m'mimba ndi kuchotsa mantha. Mwayi wako uli ku Mulanje, kumene zipatso zimachita kuolera pansi. Mupatse papaya wakupsa, mapeyala, chinanazi, mango ikakhala nyengo yake. Phala likhale la mgaiwa lothira nsinjiro, ndipo ndiwo zamasamba zisamasowe: nkhwani, chisoso, bonongwe, kholowa, osaiwala nandolo wanu uja. Madzi abwino azimwa pafupipafupi, osadikira kuti apemphe. Timapaketi ta zokhwasulakhwasula ta pagolosale, masikono ndi zakumwa zotsekemera uchepetse, zimangodzaza mimba mwana n'kukana chakudya chenicheni. Chimbudzi chabwino cha mwana chimakhala chofewa, chotuluka popanda kulimbana nacho. Ukaona timibulu touma ngati ta mbuzi, dziwa kuti ntchito ikadalipo. Ndikuchenjezenso, alipo ena adzakuuza kuti umulowetse kachidutswa ka sopo kotulukira chimbudzi, kapena umupope mankhwala azitsamba. Usayerekeze. Khungu la mmenemo ndi lanthete, limapsa. Pakatha sabata zinthu osasintha, kapena mimba ikatupa, akamasanza, akamakana kudya, nyamuka upite naye kuchipatala. Mankhwala ofewetsa chimbudzi oyenera ana alipo, ndipo muyeso wake amaudziwa ndi achipatala.

Tsopano ndikuonetse chokoma chomwe chili m'kalata yako, chimene mkwiyo wakubisira. Wati amathawira kuseri kwa chitseko. Mwanawe, pamenepo ndiye posangalalira. Mwana wobisala ndi amene amamva kuti zikubwera zisanafike, amatha kuzigwira mpaka atafika pamalo omwe wasankha, ndiponso wayamba kuchita manyazi. Maziko ake ndi amenewo. Chimbudzi chake anasankha kale, kungoti anasankha m'nyumba mwako. Yang'ananso izi. Kodi amatha maola awiri ali wouma? Akadzuka tulo ta masana, thewera limapezeka louma nthawi zina? Ukamutuma kuti katenge kapu, amapita? Kabudula amatha kutsitsa yekha? Ngati zambiri mwa izi ukuti eya, thupi lake lakonzeka. Ana ambiri amafika pamenepa pakati pa chaka ndi theka ndi zaka 3, ndiye wakoyo sanachedwe ngakhale pang'ono.

Tibwere kwa anganga ake ndi aphungu ako a pa Facebook. Mayi akowo sakunama. Ife akale tinkaterodi. Mayi ankakhala pansi n'kutambasula miyendo, kukhazika khanda pamapazi atayang'anana nalo, n'kumaliza kaphokoso kaja ka "sssss" mpaka zitatheka. Mwana ankakhala kumsana tsiku lonse, pakati pa iye ndi amake pali nsalu yokha, ndiye akangoyamba kudzipotokola mayi ankadziwa n'kumutsitsa msanga. Munthu amene ananyowetsedwapo kumsana ali pakati pa msika sachedwa kudziwa zizindikiro. Ndipo si kuno kokha. Mu 1977 a Marten deVries ndi a Rachel deVries analemba za anthu a mtundu wa Digo a kugombe la nyanja ku Kenya, kuti ana awo ankakhala ouma usana ndi usiku pofika miyezi 5 kapena 6, njira yake yomweyi ya pamiyendo ndi kaphokoso.

Koma angangawo aiwala mbali ina. Pa njira imeneyi wokhala tcheru ndi mayi. Khanda la miyezi 6 silidzuka lokha kupita kuseri. Komanso njirayo imayambika mwana ali wakhanda. Wakoyo wakulira m'mapampasi omwa mkodzo wonse, kunyowa sakukudziwa bwino, ndipo madzi akatayika saoleka. Kumumenya lero chifukwa cha zomwe sanaphunzitsidwe chaka chatha n'kumulakwira.

Anzako a pa Facebook nawo anamva, koma anamvera khutu limodzi. Nzeru yodikira kuti mwana aonetse yekha kuti wakonzeka inatchuka ndi dokotala wa ana wa ku America, T. Berry Brazelton, mu 1962, ndipo ndi nzeru yabwino ndithu. Kungoti iyeyo ankati tiziyang'ana mwana. Anzakowo akuyang'ana kalendala. Lamulo loti mpaka zaka 3 kulibe. Ambiri odikira chonchowo ali ndi makina ochapira ndi ndalama ya mapampasi, sanayanikepo thewera m'chiperoni cha mu June, kugona pachingwe mpaka kununkha chinyezi.

Vuto lenileni pakhomo panu ndi lakuti mwana mmodzi ali ndi aphunzitsi ambiri. M'mawa anganga amuopseza, masana iwe wamunyengerera, madzulo wamukwapula, usiku wamuveka pampasi. Mapanga awiri avumbwitsa, mwanawe. Khalani pansi akuluakulu mugwirizane njira imodzi. Mayi akowo usakawauze kuti zawo n'zachikale. Ukatero wataya mthandizi, chonsecho ukadzachira ndi iwo omwe adzasamale mwanayu. Kawauze kuti, "Amayi, mwanayu akuopa kapoti, tamuphunzitsani njira yanu ija ya pamapazi." Uona akumwetulira. Njirayo imathandizadi mwana wamantha ndi wodzimbidwa, chifukwa amakhala monyonyomala, mawondo ali m'mwamba, zinthu zimatsika mosavuta, uku akuyang'ana nkhope ya munthu womukonda. Pakati pa mapaziwo muike kapoti komweko, azolowere pang'onopang'ono. Koma pa za mkwapulo uwauze mwaulemu, mosapita m'mbali, kuti ayi.

Za chule ndiye ndikupempheni nonse, kanyama kosalakwako kasiyeni kudambo. Tinakula tikuziona zimenezo, mwana atamangidwa chule m'chiuno, mphasa yonyowa ili pamutu, anzake akumutsatira ndi chipongwe mudzi wonse. Amene analeka kukodza pogona analeka chifukwa nthawi yawo inakwana, koma manyaziwo ena anakula nawo mpaka kumera imvi. Mwana ali m'tulo sadziwa chimene chikuchitika, ndiye palibe ulesi kapena mwano pamenepo, ndipo zoti waseweretsa moto madzulo ndi zongoopsezera ana kuti asapse. Kuti mwana agone wouma pafunika chikhodzodzo chikule, thupi liyambe kuchepetsa mkodzo usiku, ndiponso ubongo uzitha kumudzutsa chikadzaza. Zimenezi palibe amaphunzitsa, zimabwera zokha, ndipo zimachedwa kuposa za masana. Mwa ana 100 a zaka 5, pafupifupi 15 amanyowetsabe pogona, anyamata kuposa atsikana. Wakoyo ali ndi zaka 2 zokha! Komanso zimenezi zimayenda m'magazi. Tsiku lina uwafunse apongozi ako kuti bambo a mwanayu analeka liti kunyowetsa mphasa, uone mmene amuna ako asinthire nkhani msanga.

Usiku ingochita zochepa. Akodze asanagone. Thobwa ndi tiyi wa madzulo uchepetse, koma masana usamumane madzi. Pansi pa nsalu yake uyale pulasitiki wokhuthala, ndipo kapoti kapena kachitini kakhale pafupi ndi pogona. M'mawa mphasa padzuwa, mwana umusambitse, osalengeza kwa anthu. Ngati pampasi wa usiku ungamukwanitse, palibe tchimo.

Wati kuchimbudzi safuna kuyandikira. Tsiku lina, mimbayo ikakulola, ugwade pakhomo pa chimbudzi chanucho, maso ako akhale pamene pamafika ake, uone zimene iye amaona. Mdima, fungo, ntchentche zobiriwira, mphemvu zotuluka pansi, ndi bowo loti mwendo wake wonse ungalowemo. Kenako ukumbukire ngati palibe wina pakhomopo amene anamuopsezapo kuti ukapanda kuleka kulira ndikakuponya m'chimbudzi. Timalankhula zotere akuluakulufe n'kuiwala, koma ana saiwala. Mantha akewo ali ndi nzeru mkati. Namondwe wa Freddy atadutsa mu March 2023 zimbudzi zambiri kwanuko zinagwa, ndipo munthu wopanda chimbudzi amamanga mothamanga. Ndi mvula ya ku Mulanje, mitengo yoyala pamwamba pa dzenje sichedwa kuola. Bambo ake akaione ngati ili yolimba, bowo likhale laling'ono ndi chivundikiro chake, chitseko chizitsekeka. Mwana wa msinkhu uwu asalowe yekha m'chimbudzi cha dzenje. Malo ake ndi pakapoti. Akachita, muzipita limodzi kukataya, iye aime pakhomo aone kuti bibi wapita. Adzazolowera akamakula, ndipo pofika nthawi ya sukulu ya mkombaphala adzalowa wina atamugwira dzanja.

Pamenepa ndiime pang'ono, chifukwa pali bodza lina limene timalikonda, loti bibi wa mwana alibe matenda. Timamusiya kuseri kwa nyumba kuti galu ndi nkhuku zimalize, nkhuku yomweyo n'kudzajompha m'mbale ya nsima. Mwana wanga, tizirombo ta kolera, ta kutsegula m'mimba, ndi mazira a njoka zam'mimba sizifunsa msinkhu wa mwini chimbudzi. Mliri wa kolera wa 2022 mpaka 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno. Bibi wa mwana apite m'chimbudzi nthawi yomweyo. Kapoti ukatsukire kuchimbudzi komweko ndi sopo kapena phulusa, madzi akewo uthire m'dzenje. Pamjigo ayi, kumtsinje ayi. Mapampasi akuda usaponye m'nthochi kapena mu Likhubula, kumunsi kuli anzako akutunga. Ukamaponya m'chimbudzi chimadzaza msanga chifukwa saola. Kumbani dzenje lakelake lakuya muzikwirira. Pafupi ndi chimbudzi pakhale mpondagiya ndi sopo. Ana amaukonda mpondagiya, kuponda kamtengo madzi n'kutuluka, mwina ndi umene ungamukope kuposa kapoti. Asambe m'manja iye, usambe iwe, nthawi iliyonse.

M'mimba mukafewa, mantha akachepa, apo ndiye tulutsa kapoti. Ukaike kuseri kwa chitseko komwe anasankha yekha kuja. Usalimbane naye za malo, mudzasuntha pambuyo. Masiku oyamba azingokhalapo atavala, akusewera, aone kuti sikaluma. Ngati pali mwana wa achemwali ako wamkulupo pang'ono wodziwa kale, amuonetse. Ana amamverana okhaokha kuposa mmene amamvera ife. Kenako sankha masiku amene sukuyenda, pasakhale maliro kapena chinkhoswe, umuvule pampasi masana onse. Azisewera pabwalo ndi kabudula wakale wa lasitiki, kapena malaya okha kukatentha. Maovololo a pakaunjika a mabatani aja, ndi majinzi a lamba omuonetsa ngati bwana, usungire kutchalitchi, chifukwa munthu amene mkodzo wamugwira alibe nthawi yomasula lamba. Anyowe ndithu, amve kuti kunyowa sikukoma. Phunziro limeneli ndi limene pampasi amabisa. Nyengo yadzuwa, September ndi October, imathandiza chifukwa zochapa zimauma msanga. M'chiperoni mwana amakodza pafupipafupi ndipo kapoti kamazizira matako, ndiye ngati yankholi lakupeza m'nyengo imeneyo, kaike pafupi ndi pofunda ndipo uchulutse makabudula.

Nthawi zabwino zomukhazika ndi pamene wangodzuka, akamaliza phala la m'mawa, akadya nsima, ndi asanagone. Chakudya chikalowa m'mimba matumbo amayamba kukankha zakale, ndiye pakatha mphindi 15 mpaka 30 atadya thupi limakuthandiza lokha. Akhalepo mphindi 3 mpaka 5 basi, mapazi ali pansi, iwe uli pambali ukumusimbira kanthano. Zikakanika adzuke, mudzayesanso. Osamupanikiza, osamusiya pamenepo mpaka matako achite dzanzi. Ndipo usamufunse kuti, "Ukufuna kukodza?" Mwana wa zaka 2 yankho lake pa chilichonse ndi ayi. Ungomuuza kuti, "Tiye pakapoti." Aliyense pakhomopo azinena mawu omwewo.

Akachita, muombere m'manja, umuuze kuti wakula, akawauze anganga ake. Koma nthungululu za pachinkhoswe ayi, mwana wina amadzidzimuka n'kulekera pakati. Zolipira maswiti ine sindizikonda. Tianati n'tochenjera, azikuchitira kadontho kamodzikamodzi kuti maswiti achuluke. Akaphonya, ndipo aphonya kambirimbiri, pukuta osakwinya nkhope, unene kuti, "Bibi amapita m'kapoti," nkhani yathera pomwepo. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Ena zimawatengera masabata ochepa, ena miyezi itatu kapena kuposa. Kupukuta ndiye ikhalabe ntchito yako zaka zingapo, timanja taketo sitinafike. Ngati ali m'mimbayo adzakhale mtsikana, udzakumbukire kuti mtsikana timamupukuta kuchokera kutsogolo kupita kumbuyo, kuti zonyansa zisalowe njira ya mkodzo. Mukamapita kusikelo, kutchalitchi kapena pa minibasi ya ku Limbe, akodze musananyamuke, ndipo m'chikwama musasowe makabudula osinthira ndi jumbo.

Tsopano bambo ake. Uwapatse moni wanga. Munthu wokwera mpaka pa Sapitwa, mamita 3,002, chikwama cha mlendo chili kumsana, akuti kapoti kamulemera? Anzawo amathamanga mpikisano wa onyamula katundu uja woyambira pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsika tsiku lomwelo, koma kuchoka pakhonde kufika kuchimbudzi ndi mwana wawo akuti n'za azimayi. Tawafunse, mwana wamwamuna kukodza choimirira aphunzira kwa yani? Kwa iwe ndi mimba yakoyo? Poyamba aphunzire atakhala pansi, mkodzo ndi chimbudzi pamodzi, kuti asasokonezeke. Zoimirira ndi sukulu ya bambo ake, ndipo mnyamata amanyadira kuchita zomwe abambo amachita. Koma usawalalatire. Mwamuna ukamuuza kuti sathandiza amaumitsa khosi. Ukamuuza kuti mwanayu amamvera inu kuposa ine, mawa umupeza atagwira kapoti. Masiku amene kulibe alendo, kapoti ka m'mawa kakhale kawo.

Ndikudziwa chimene chikukuthamangitsa. Yatsala miyezi itatu, ndipo usiku ukuwerengera ndalama ya mapampasi a anthu awiri. Nkhawa imeneyo ndi yoona, sindikuichepetsa. Koma usapikisane ndi mimba. Za masana zikagwira usanachire, tithokoze. Zikapanda kugwira, matewera a nsalu alipo, tinalera nawo mitundu ya anthu. Wakhandayo ukhoza kumuyamba ndi matewera ndi njira ya anganga ija kuchokera pachiyambi, ndipo pamenepo mayi ako adzakhala mphunzitsi wamkulu, mlandu wa mapampasi udzatha wokha. Ndikuuziretunso kuti usadzadabwe: wakhanda akadzafika, mkuluyu akhoza kubwerera m'mbuyo, kuyambanso kudzinyowetsa, kufuna bere, kufuna kuberekedwa. Waona kuti wonyowetsa thewera ndi amene akunyamulidwa, ndiye nayenso akuyesa mwayi. Usadzamunene kuti ndiwe wamkulu, chita manyazi. Udzamupatse nthawi yake pamiyendo pako, umutume tintchito taukulu, kubweretsa thewera, kuingitsa ntchentche. Zimatha zokha pakapita masabata angapo. Chimodzimodzi akadwala malungo kapena kutsegula m'mimba, maphunziro aime, achire kaye.

Pali zina zosadikira nazo. Akamalira pokodza, mkodzo ukamanunkha kwambiri uku thupi likutentha, ukaona magazi mumkodzo, akamamwa madzi mosalekeza ndi kukodza kwambiri uku akuonda, pita naye kuchipatala ndi kabuku kake. Chimodzimodzinso kabudula akamangodetsedwa ndi timadzi ta chimbudzi tsiku lonse iye osadziwa. Chimenechi anthu amachiyesa kutsegula m'mimba kapena mwano, chonsecho nthawi zambiri ndi chimbudzi chouma chatseka njira, zamadzi zikudutsa m'mbali. Akamadzikanda kumatako usiku, mwina ndi njoka zam'mimba. Kusikelo musaleke chifukwa choti katemera anatha. Sikelo ndi mpaka zaka 5, ndipo kumeneko amalandira vitamini A ndi mankhwala a njoka miyezi 6 iliyonse. Alangizi a zaumoyo a m'dera lanu uwafunse za kakonzedwe ka chimbudzi ndi mpondagiya, ndi ntchito yawo ndipo sachita nazo manyazi.

Za pamjigo ndikuzidziwanso, ngakhale sunazilembe. Kumeneko mayi aliyense mwana wake anasiya thewera ali ndi chaka chimodzi. Uzingovomera kuti eya, koma m'mawa ukadutse kuseri kwa nyumba zawo uwerenge mphasa zili padzuwa. Mwana wako sunamuwononge. Za kumukwapula zija usagone nazo pamtima. Munyamule, umuuze kuti pepa, amayi anapsa mtima, bibi si mlandu. Akumva, ngakhale sangakuyankhe. Tsiku lina mkwiyo ukadzakweranso, ndipo udzakwera, mwana umupereke kwa anganga ake kapena kwa bambo ake, utuluke panja, umwe madzi, mtima utsike.

Tsamba lino usakulungire zitumbuwa. Mayi ako uwawerengere ndime ya mapazi ija mokweza, ya chule motsitsa mawu, ndipo bambo ake uwapatse awerenge okha ndime yawo. Ukachira undilembere, undiuze kuti ndi mwana wanji.

Ndine,
Azakhali ako